Ndinauza Mwana Kuseri kwa Nthochi

Ku koleji ya uphunzitsi tinachitapo sewero lakalekale la m'buku, la munthu amene anapha mfumu yomukhulupirira kuti atenge mpando. Ine ndinali mkazi wake. Chimene ndinkakonda ndi pamene ndinkatsala ndekha pabwalo, n'kumalankhula ngati palibe wondimva, chonsecho holo yonse ili tcheru.

Ntchito sindinaipeze. Ndinakwatiwa ku Iponga, kutali ndi kwathu ku Dedza. Kuno anthu akamaseka m'Chinkhonde ndimangomwetulira, osadziwa chawaseketsa. Mwambo woyamba umene anandiphunzitsa unali woti mtengwa saonana maso ndi apongozi ake aamuna, salankhula nawo, ngakhale dzina lawo satchula. Ndikawaona panjira ndimapatukira m'nthochi.

Apongoziwa ndi abambo aakulu a mwamuna wanga, ndipo ndi amene anamulera bambo ake atamwalira. Ankatsogolera komiti yogawa madzi m'minda ya mpunga, mpaka mwamuna wanga anawagonjetsa pachisankho. Ndisaname, ndinasangalala. Koma mpandowo sunamukhazike mtima pansi. Ankadandaula kuti anthu akupitabe kwa akuluwo kukafunsa za madzi. Tsiku lina tikudya anandiuza, mopanda n'kutsitsa mawu komwe, kuti pamsonkhano wa Loweruka akanena kuti akuluwo amatsegula ngalande mwakuba, kuti alandidwe munda. Mboni anali atapangana nazo kale.

Ndinamukumbutsa amene anamulipirira sukulu. Anaseka.

"Amake mwana, izi si za sewero lanu lija. Palibe akufa apa."

Ndinalibe womutuma kukawachenjeza akuluwo. Mnzanga yekhayo pamudzi pano, mwamuna wake anali mmodzi wa mbonizo. Nditaimbira amayi, anangoti za eni mudzi ndisalowerere, ndine wobwera.

M'mawa mwake ndinabereka mwana, amene anali asanayambe n'kukwawa komwe, n'kukaima kuseri kwa nthochi pafupi ndi khola la apongozi. Ndinkawamva akudulira ng'ombe thunthu la nthochi. Ndinawafulatira, ndinatsitsa mwana, ndipo ndinayamba kumuuza iyeyo zonse, pang'onopang'ono, ndi mawu aja anandiphunzitsa ku koleji oti azifika kumbuyo kwa holo. Mwana ankangondikoka ndolo.

Chikwanje chinasiya kulira. Kenako ndinamva Chichewa chawo cholemera chija, mawu amene ndinali ndisanawamvepo chapafupi.

"Mwana iwe, uwauze amako abwerere, dzuwa lakula. Ndamva."

Loweruka sanadikire kunenezedwa. Akuti anaimirira msonkhano usanalowe m'nkhani, n'kunena kuti msana watha, munda akuupereka kwa mwana wawo amene analera. Anthu anaomba m'manja. Mbonizo zinabwerera osatsegula pakamwa.

Mundawo tili nawo, ndipo mpunga wake ndi umene ndimaphika. Mwamuna wanga sanandifunse kanthu, sanandikalipire. Koma pamudzi sipasowa womuuza za aliyense amene wafika pa khola la akuluwo. Kuyambira pamenepo, akafuna madzi osamba amayang'ana mwana, osati ine.

"Uwauze amako anditenthetsere madzi."

Amalankhula mokweza bwino, mawu ofika kumbuyo kwa holo. Ine ndimanyamuka n'kukasonkha moto.

Mwanayu tsopano wayamba kutchula mawu. Dzulo bambo ake atanena zomwezo, anatembenuka n'kundiyang'ana, pakamwa pali yasa, ngati akufunadi kundiuza.