Kapu ya Abambo Ili M'dambo

Lachisanu, sabata yachiwiri ya Disembala. Ndakhala pakhonde la kuseri kwa nyumba yathu kukomboni, ndikupala matope ouma kunsapato zanga ndi kamtengo. Amayi sanaweruke kumunda wa fodya. Nkhaniyi yandikhala pakhosi chiyambire Loweruka lapitali, ndipo palibe amene ndamuuza.

Sukulu ikatsekera nyengo ya mvula, aphunzitsi athu a jogalafe amatitenga Loweruka lililonse kukayenda kumapiri a kuseri kwa pulazi yathu kuno ku Macheke. Amapita ndi amene akufuna basi, ana a m'komboni ndi ena a m'mapuloti, minda ing'onoing'ono yoyandikana nafe. Njira ndi yomweyomweyo chaka ndi chaka. Timadutsa m'mabulugamu, n'kukwera m'mbali mwa manda a antchito, kenako mitengo imatha. Pamwamba pake ndi udzu waufupi wokhawokha, mphepo, ndi nkhungu imene imakunyowetsa nsidze. Pakati pali dambo lalikulu, ndipo tikaliwoloka timakakhala pathanthwe n'kudya chimanga chophika ndi masuku otola m'njira.

Ine ndimayenda pambuyo pa onse, kupatula padambo. Malemu abambo anali kudyetsa ng'ombe za papulazi kumeneko, ndipo ndili wamng'ono ankanditenga. Anandiphunzitsa kuponda pazitsinde za udzu wolimba ndi kupewa pobiriwira kwambiri, chifukwa pansi pake ndi phala lakuda. Choncho tikafika padambo aphunzitsi amati, "Mtsogoleri, bwera kutsogolo." Ndimagwira ndodo, n'kumangoti "kumanzere", "kumanja". Tsiku lonse mawu anga amene gulu limamva ndi omwewo.

Chaka chino kwabwera mwana wamkazi wa a manijala a pulazi. Amaphunzira sukulu yogonera komweko kutauni, ndipo ndi wamkulu kwa ine pang'ono. Amalankhula Chishona chothamanga chosakaniza Chingerezi, ndipo ife a m'komboni amatitchula kuti mabwidi, dzina lotinyoza ife amene agogo athu anachokera ku Malawi. Ndinalizolowera dzinali. Kusukulu ndimalimva, pachigayo ndimalimva. Silinkandiwawanso.

Loweruka lija aphunzitsi anatsogola ndi anyamata kukaona mwala wina wong'ambika. Atsikana tinatsalira pafupi ndi manda, tikutola masuku. Manda athu alibe miyala yolembedwa. Mitanda yamatabwa inadyedwa ndi chiswe kalekale, ndipo mitumbira inaphwa ndi mvula. Chimene chimasonyeza kuti apa pagona uje ndi mbale kapena kapu imene ankagwiritsa ntchito ali moyo. Pa abambo panali kapu yawo yachitsulo yachikasu, yogumuka m'mphepete. Tsiku la maliro amayi anaiboola pansi ndi msomali, monga timachitira, kuti munthu wamoyo asadzamwerenso. Ndimakumbukira kulira kwa msomaliwo kuposa nyimbo zonse zimene anaimba tsikulo.

Nditaweramuka ndinaona kapuyo ili pachala cha mtsikana uja, akuizunguza.

"Nhai imi, taonani," anatiitana m'Chishona, akusuzumira pabowo ndi diso limodzi. "Mabwidi inu, ngakhale akufa anu mumawamwetsa tiyi wodontha?"

Ena anaseka. Mnzanga wa nyumba yoyandikana nafe, amene amaimba nane kwaya, anati, "Iwe, bwezera pomwepo. Za akufa sitigwira."

"Zandigwira ine? Ayi. Ndiye vuto lili pati?"

"Mwini wake ndi bambo ake a uyu."

Mtsikanayo anandiyang'ana. Onse anandiyang'ana. Ndikanangoti "ndipatse", mwina akanandipatsa. Ndinayang'ana masuku amene anali m'manja mwanga.

"Mwana wake sakudandaula," anatero kwa mnzanga uja. "Loya ndiwe?"

Anakwera nayo phiri, akuimenya ndi kamtengo ngati belu la ng'ombe. Padambo ndinatsogola monga mwa masiku onse, ndipo ndinamuwolotsa bwinobwino, ine ndemwe, nsapato zake zoyera osada n'komwe. Tili pakati anati yamutopetsa. Anaiponya kumanzere, pamalo obiriwira aja. Inagwa chagada, n'kuyamba kulowa madzi pabowo la amayi lija, pang'onopang'ono, mpaka chikasu chinazimirira. Aphunzitsi anali kumapeto kwa mzere, sanaone kanthu. Pathanthwe mtsikanayo anandipatsa bisiketi. Ndinailandira ndi manja awiri, n'kunena zikomo. Zikomo ameneyo ndi amene wandidwalitsa sabata yonseyi.

Lamlungu kutchalitchi analengeza kuti Lamlungu likubwerali, tikatuluka mapemphero, mabanja onse apita kukalambula kumanda Khirisimasi isanafike. Amayi anagula kale maluwa apulasitiki. Chaka chilichonse amagwada, n'kuchotsa udzu ndi manja, kenako amatenga kapu ija, amaipukuta ndi nsonga ya chitenje chawo n'kuibwezera. Salira. Amangoipukuta nthawi yaitali. Sindikudziwa nkhope imene adzakhale nayo akadzapeza dothi lokha.

Ndaganiza zambiri sabata ino, ndipo zina ndi zoipa. Ndaganiza zokauza amalume, amene ali m'gulu la gule, kuti zilombo zikadzatuluka zidzamuthamangitse mtsikana uja mpaka pakhomo pa bambo ake. Koma amalume ali ndi mkwiyo wosabweza, ndipo nyumba imene tikukhalayi ndi ya pulazi. A manijala atangonena mawu amodzi, katundu wathu ali pamsewu wa ku Mutare. Ndaganiza zomuthira linthumbu m'chikwama. Ndaganiza zoponya foni yake padamu. Pa kwaya Lachiwiri tinkaimba za kukhululuka, ine pakamwa pakuyenda, mumtima ndikumuona akulira. Zonsezi n'zokoma kuziganiza, koma palibe chimene chikubweza kapu.

Lachitatu ndinanamizira kukatola nkhuni, n'kukwera ndekha. Ndinaima pachitsinde chomaliza cholimba, ndikupisa ndodo m'matope. Patapita nthawi inagunda chinthu cholira ngati chitsulo. Ilipo. Ndinayesa kuikola, koma imangoterereka n'kulowa pansi. Pamafunika munthu alowe, apise dzanja mpaka paphewa. Ndinayeza kuya kwake mbali zonse. Matope amafika m'ntchafu, pansi pake pali mwala. Munthu sangamire, koma sangatulukenso yekha popanda womukoka. Ng'ombe ina imene abambo ankadyetsa inagonapo tsiku lathunthu mpaka anabwera ndi thirakitala. Ndinakhala pamenepo ndikuyang'ana pobiriwirapo, pooneka bwino ngati kapinga wa kunyumba kwa a manijala, ndipo ndinaona kuti wolowamo sayenera kukhala ine.

Dzulo ndinakumana ndi mtsikana uja pampopi. Anandifunsa ngati mawa tikupita. Wayiwala zonse, zikuoneka pankhope.

"Tikupita," ndinatero.

"Bhoo, zili bwino. Ndiyende pambuyo pako penipeni, wamva? Anyamata aja amandithira matope."

"Chabwino."

Amayenda maso ali pafoni, akujambula mitambo, ndipo amaponda kumene ndanena osayang'ana pansi.

Ndikudziwa kuti aphunzitsi sadzanditchulanso mtsogoleri. Zimenezi zikundiwawa, chifukwa maulendo awa ndimawayembekezera chaka chonse, ndipo kumtunda kuja ndi kokha kumene ndimamva ngati abambo angotsogola pang'ono ndi ng'ombe. Ndikudziwanso kuti mtsikanayo angathe kukanena kwa bambo ake. Koma kuti anene, ayenera kufotokoza chimene ankafuna m'matopemo, ndipo ngakhale kwawo munthu wotola za pamanda samuombera m'manja. Atsikana onse anaona. Mnzanga wa kwaya wati iye sadzakhala chete.

Mawa ndidzayamba ndawolotsa ana aang'ono onse, mmodzimmodzi, mpaka aime pouma. Kenako ndidzabwerera kukamutenga mtsikana uja. Tikadzafika pachitsinde chija ndidzati "kumanzere", momveka bwino. Akadzalowa mpaka m'ntchafu n'kuyamba kukuwa, ndidzaima pomwe dzanja lake silifika, aphunzitsi akuona, ndipo ndidzamuuza m'Chichewa, osati m'Chishona, kuti kapu ya abambo anga ili pafupi ndi phazi lake. Ndodo ndidzampatsa kapuyo ikadzakhala m'manja mwanga.