Nsagwada ya Bambo Njobvu

Bambo Vitalis Njobvu a ku Msanzala ndiwo ankawelenga Mawu m'chalichi, ndipo ngakhale ochedwa oima pakhomo ankamva bwinobwino. Zinthu zinasintha chaka chimene ng'ombe yawo yolimila inawagunda ndi mutu pakamwa akuimanga goli. Mano anayi akutsogolo anatsala m'fumbi.

Ku Petauke anawapangila mano ovula. Poyamba ankagwila, koma patapita zaka zisanu anayamba kugwedela, mpaka tsiku lina anaguluka iwo ali mkati mowelenga. Kuyambila pamenepo ankangokhala pabenchi yakumbuyo, dzanja lili pakamwa.

Mwana wawo Tamara, namwino ku Lusaka, ndiye anawakakamiza kukaonana ndi dokotala wa mano kumeneko. Dokotalayo ataona chithunzi cha nsagwada, anati fupa linafota chifukwa chokhalitsa lopanda mizu ya mano, moti panalibe pozika kachitsulo kogwila dzino latsopano. Koma anati kwabwela ufa wina, wooneka ngati mchenga woyela, umene amauika pansi pa nkhama n'kusokapo. Fupa la munthu limamela pang'onopang'ono kulowelela mu ufawo, uwo n'kumasungunuka. Anawauza kuti adikile miyezi isanu ndi umodzi, osatafunila kutsogolo, ndi fodya yemwe asiye.

A Njobvu anamvela. Anakumba nshawa chaka chimenecho osalawako, mondokwa n'kumangomva fungo. Kanayi konse anakwela basi kukapimitsa ku Lusaka, ndipo ikaima pa Nyimba ankagula nthochi zakupsa kwambili, zomwe ena ankazikana, popeza ndizo zinali zofewa. Ankafika kunyumba msana uli gwa, kumunda udzu utawatsogolela.

Miyezi itakwana, chithunzi chinaonetsa kuti kumanja fupa lamela, koma kumanzele ufa sunagwile. Dokotala anati mbali imeneyo ayambilenso, adikilenso chimodzimodzi. A Njobvu anasisita chipewa pabondo.

"Adokotala, msewu uwu wanditha. Zikani pomwe pagwilapo."

Tamara anayesa kuwachondelela, koma sanasunthe. Dokotala anawazika mano awili kumanja, kumanzele kunatsala mpata. Tsiku lozikalo linachedwa kufika, moti pobwelela a Njobvu anapeza mvula itagwa kale ndipo anzawo atabzala, kotelo m'mawa mwake analawilila kumunda.

Mpaka pano Tamara amaimba foni kufunsa kuti abwela liti kudzamalizitsa. Iwo amayankha kuti akakolola, kenaka amapatsila foniyo amai Ennie, akazi awo, kuti acheze za zidzukulu.