Mfuti Yaing'ono ya Nkhanga

Mkamwini wanga wapeza laisensi yosaka agwape kunja kwa tawuni ya Croydon, kuno kutsidya kwa nyanja. Loweruka anayala timabuku ta mfuti patebulo panga, akuvutika kusankha pakati pa yaing'ono ya .243 ndi yaikulu ya .308. Jekete lake linkanunkha wonga, ndipo fungolo litandifika ndinasiya tiyi.

Ndili mwana ku Kasungu, bambo anga anali ndi mfuti ziwiri, yaing'ono ya nkhanga ndi yaikulu yomwe inkawatupitsa phewa. Gwape wina ankatithera nyemba kudimba. Ine ndinkamuwona m'mawa uliwonse, mpaka ndinamukonda.

"Ababa, tengani yaing'onoyi," ndinawakakamira ndikulira tsiku lomwe ankapita kukamuwombera. "Yaikuluyo imupweteka kwambiri."

Ndinkayesa ndi ngati jakisoni, kuti singano ikachepa ululunso umachepa. Bambo anandimvera. Chimwalirire amayi, sankatha kundikaniza kanthu.

Chipolopolo chinalowa, koma gwapeyo sanagwe. Tinatsata madontho a magazi pa udzu masiku awiri. Tinamupeza m'bango, ntchentche zitadzaza pabala, akupumabe, maso ali pa ife. Bambo anamumaliza ndi mpeni. Pobwerera sanandikalipire, anangondibereka kumbuyo. Nyamayo sindinailawe.

"Amayi, inu mukuti nditenge iti?" anandifunsa mkamwini.

"Imene imagwetsa pomwepo ndi iti?"

"Kwa agwape akuluakulu, .308."

"Tengani imeneyo, bambo. Nyama musainyengerere."

Bambo anga anamwalira osandiuzapo kuti chimene chinazunza gwape uja masiku awiri chinali chifundo changa.