Wonong'oneza Kumbuyo kwa Mlakatuli

Apongozi anga aamuna, a Tribhuvan Awasthi, ankadziwika ku Sitapur konse ngati mlakatuli wosagwira pepala. Ankaima pansanja, manja ali kumbuyo, n'kulakatula m'Chihindi ola lathunthu osadodoma. Mbiri imeneyi ndi imene inawalowetsa kunyumba ya malamulo ku Lucknow katatu. Nditakwatiwa m'banjamo ndinazindikira kuti ndakatulozo zinkakhala m'mutu mwa mlongo wawo wamng'ono, a Indumati, amene ndinkawaitana kuti Bua, kutanthauza azakhali, monga ankachitira mwamuna wanga.

Ntchitoyi anaiyamba ali ndi zaka khumi ndi zitatu. Achimwene awowo ankapeka mosavuta koma sankachedwa kuiwala, ndiye a Indumati ankaloweza pamtima ndime iliyonse. Pamsonkhano a Indumati ankakhala pansi kumbuyo kwawo, atafunda nsalu yawo ya sari kumutu, atagwira mtsuko wamkuwa wa madzi. Ndime ikatha, anthu ali mkati mowomba m'manja, iwo ankanong'ona mawu oyamba a ndime yotsatira. Anthu ankangodziwa kuti ndi mlongo wopereka madzi. Nkhata za maluwa ndi nsalu zaulemu ankaveka mlakatuli. A Indumati ankazinyamula kupita nazo kugalimoto, mawa lake n'kuchapa malaya oyera a achimwene awo ndi kuwasita.

Anakwatiwa ndi mphunzitsi wofatsa wa ku Hardoi, a Ramakant, koma chisankho chikayandikira galimoto inkapita kukawatenga. Pachisankho chachitatu kunabwera telegalamu yonena kuti a Ramakant adwala kwambiri. Apongozi anaiwerenga n'kuiika m'thumba, poti kunali kutatsala misonkhano isanu ndi umodzi. Anaitulutsa patapita masiku anayi. A Indumati anafika ku Hardoi mtembo utawotchedwa kale monga mwa mwambo wakumeneko.

Anabwerera kwathu atavala zoyera zaumasiye. Ine ndi amene ndinawauza tsiku lenileni limene uthengawo unafika, chifukwa ndinaulandira ndekha pakhomo n'kuupereka kwa apongozi osautsekula. Anandifunsa kawiri ngati linalidi Lachiwiri. Kenaka anapitiriza kukanda ufa wa chapati.

Anadikira zaka zisanu, akunong'onabe pamsonkhano uliwonse osaphonya ndi liwu limodzi. Chisankho chachinayi chikuyandikira, m'chipani munamveka manong'onong'o akuti mutu wa nkhalambayo wayamba kutha, mpando aupereke kwa mwini fakitale ya shuga amene ankaufuna. Akuluakulu anati abwera kuchokera ku Lucknow adzadzionere okha. Aliyense m'nyumba ankadziwa kuti tsikulo likapanda kuyenda bwino, za ndale zathera pomwepo.

M'mawa wa tsikulo apongozi akumwa tiyi anati, "Indu, lero ukweze mawu pang'ono. Usakawodzere kumbuyoko, nkhalamba iwe."

"Nkhalamba ndinu, Bhaiya," anatero a Indumati, pogwiritsa ntchito liwu lakwawo loti achimwene. "Ine n'kadali ndi mano anga onse."

Onse awiri anaseka.

Msonkhano unali masana pabwalo la sukulu. Ine ndinakhala kumbali ya amayi, pafupi ndi nsanja. Apongozi analakatula ndime yoyamba ya ndakatulo yawo ya alimi a nzimbe, ndipo anthu anawomba m'manja nthawi yaitali. M'manja mutatha, kumbuyo sikunamveke kanthu. Anatsokomola. Anabwereza mzere womaliza monga amachitira alakatuli, anthu anawombanso, komabe kunali zii. Anatembenuka, ataiwala kuti chokuzira mawu chili pakamwa pawo.

"Indu, ndiuze. Ikuyamba bwanji?"

Bwalo lonse linamva. A Indumati anathira madzi m'kapu mosamala, osataya dontho, n'kuwapatsa ndi manja awiri.

"Imwani madzi, Bhaiya. Ine ntchito yanga ndi imeneyi."

Munthu wina kumbuyo anafuula kuti afunse mtsukowo, mwina ukuidziwa. Kuseka kunayambira kumeneko mpaka kunafika kwa alendo a ku Lucknow, amene ankabisa nkhope m'mipango. Apongozi anayesa ndakatulo ina, nayonso inawathera pandime yoyamba. Mpando unapita kwa wa shuga uja.

Mlungu womwewo a Indumati anakwera basi ya ku Hardoi, n'kukakhala m'nyumba ya malemu amuna awo, akuphunzitsa atsikana a m'deralo kuwerenga. Patapita zaka, osindikiza mabuku anafuna kusonkhanitsa ndakatulo zonse za apongozi, koma zambiri zinali zisanalembedwepo. Apongozi, amene tsopano ankangokhala pakhonde, anandituma ndi bokosi la maswiti amkaka kuti ndikapemphe a Indumati atiuze ndakatulozo. Ndinawapeza akutsuka mbale ndi phulusa. Ndinawafunsa ngati mwina anaziiwala, kuti ndikakhale ndi chokanena kunyumba.

"Ayi, mwana wanga, ndikuzikumbuka zonse," anatero. "Ndimazilakatula ndikamatsuka chonchi. Zina n'zokoma ndithu. Ukawauze choncho."

Maswiti analandira, anagawira atsikana awo. Buku linatuluka ndi ndakatulo khumi ndi zisanu ndi zinayi zimene zinapezeka m'nyuzipepala zakale. Zina zoposa mazana awiri anamwalira nazo a Indumati, m'nyengo yozizira, patatha miyezi isanu ndi iwiri achimwene awo atamwalira.