Tsiku limene anandilanda buku

Dzulo aneba amatentha zinyalala, ndipo fungo la majumbo opsa linandibweza kupulayimale kwathu ku Sadzi. Mpira wathu wa fulaye unkanunkha chomwecho, poti anzanga ankauwamba pamoto kuti majumbo agwirane.

Ine fulayeyo sindinkamufuna. Ndinkakhala nambala wani, ndiye ena akathamangira panja ndinkatsalira m'kalasi ndi buku, ndikudziona ngati munthu wamkulu. M'mawa wina nkhungu itatsika m'phiri, aphunzitsi athu, mayi Namaona, anandipeza ndikunjenjemera, zala zitauma.

"Bweretsa bukulo," anatero. "Kalowe pakati pa fulaye."

"Madamu, inetu sindinalakwe."

"Ndani wati walakwa? Kalowe."

Mpira woyamba unandiwomba pamsana. Wachiwiri ndinauzinda, n'kugwada kuti ndithire mchenga m'botolo, fumbi lili m'kamwa, mtima ukugunda m'makutu. Pobwerera m'kalasi zala zinali zitafunda, koma ndinali nditakwiya. Kunyumba ndinakanena kuti aphunzitsi akundipatsa chibalo popanda chifukwa. Amayi anayang'ana mbale yanga yopanda kanthu, ine amene masiku onse ndinkasiya nsima.

"Chibalocho akupatsenso mawa," anatero.

Anandipatsadi, tsiku ndi tsiku, chaka chonse, ine n'kumawazonda mumtima.

Lero mwana wanga amaphunzira pasukulu yampanda wanjerwa, yopanda bwalo. Amakhala padesiki kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo akakwera kamtunda ka kwathu amapumira m'mwamba. Nayenso amakhala nambala wani. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti kumeneko kulibe womulanda buku.