Povota ndi mwana, pokwatiwa ndi wamkulu?

Lolemba achimwene anga, a Jafali, anabwera kwathu ku Lungwena pa njinga. Nkhani yake inali ya mwana wanga Asiyatu, wa zaka sikisitini, ali Folomu 2. Akuti mnyamata wina wobwera ku Joni wamuona, akufuna banja. Kwathu kuno mawu a malume salemera pang'ono, inu mukudziwa.

Tili pakhonde choncho, pa wailesi akukangana zoti kaya ana a zaka sikisitini azivota. Achimwene anaseka.

"Ana awa avote? Akudziwa chiyani? Kungowapatsa tisheti basi, voti yapita."

Asiyatu amatsuka mbale chapafupi. Anadzuka, manja ali thovu lokhalokha.

"Amalume, ndiye posankha phungu ndine mwana, koma posunga mwamuna ndine wamkulu?"

Achimwene anayang'ana ine, osati iyeyo.

"Chemwali, mwano umenewu mwamuphunzitsa ndinu?"



Ine sukulu ndinalekera Sitandade 5, zamalamulo sindizitsata kwenikweni. Zovotazi nanenso ndimakayika. Mwana wa msinkhu umenewu angapusitsidwe, inde. Koma ife akuluakulu sitipusitsidwa? Chitenje chachipani chimene ndimamanga pophika ndinachilandira ndili ndi zaka fote, ndikuvina.

Chikundiwawa ndi chakuti msinkhu wa mwana timaukoka ngati mphira wa legeni. Mtsikana akatuluka ku chinamwali cha nsondo timati wakula. Mnyamata akalowa m'bwato kukakoka khoka la chilimila, mwera ukuwomba, timati ndi bambo ameneyo. Akangofunsa funso, pompo wasanduka khanda. Kuti lamulo limati ukwati ndi pa eyitini tonse timadziwa, koma timangonong'onezana.

Amati mawu a akulu amakoma akagonera. A mwana wanga agonera masiku anayi tsopano, sakundichoka m'mutu.

Lolemba lomwelo ndinawayankha achimwene kuti Asiyatu amalize kaye sukulu.

"Chabwino. Mbumba yanuyi muziyendetsa nokha."

Anakwera njinga, tiyi osamwa. Dzulo takumana pamsika, salamu yanga sanayankhe. Mawa kukagwa maliro kapena mlandu pakhomo pano, sindikudziwa adzandiyimirire ndani.

Inu amene mukuti ana asavote, mwina mukunena zoona, sindikutsutsa. Koma mundiyankhe kaye ichi. Mwana amene simukumukhulupirira ndi kapepala kamodzi, banja lonse mumusenzetsa bwanji?