Galu Wathu Sindibwerera

Chingwe chofiira chija ndikadali nacho. Chili m'bokosi la nsapato pansi pa bedi langa, chogwirira chake chotafunidwa mpaka ulusi kuonekera. Ndikachinunkhiza ndimamvabe fungo la galu wonyowa ndi mafuta a jenereta, kapena mwina mphuno yanga imangondinamiza. Chinali cha galu wathu wamng'ono, m'nyengo yotentha imene ine ndi amayi tinkakhala m'galimoto. Ndinali ndi zaka khumi, nditatha zaka zitatu zokha kuno ku Indiana, ku Amereka, chichokereni ku Zomba.

Galimotoyo inali ya mtundu uja wokhala ndi nyumba kumbuyo, imene kuno timati kampa. Munali bedi limodzi, mpando wautali umene unkasanduka pogona panga, chitofu cha gasi, ndi kachimbudzi koti ukakhala pansi mawondo amagunda chitseko. Mwini wake anali gogo wina wachizungu wa ku South Bend amene amayi ankamusamalira mpaka tsiku lomwalira. Mwana wa gogoyo analibe nayo ntchito. Anauza amayi kuti aitenge ulere, bola atengenso ziweto za malemu, agalu awiri ndi mphaka, apo ayi akazisiya kumalo kosungira nyama zosowa mwini.

Amayi anavomera tsiku lomwelo. Abale inu, amayi anga omwe aja amene kwathu ankathira galu madzi otsukira mbale akangosuzumira pakhomo la khitchini! Kwa milungu iwiri kampayo inaima kuseri kwa nyumba ya malemu, iwo akumapita kukadyetsa ziwetozo osauza munthu. Kenako m'mawa wina, sukulu titangotsekera, bambo atapita kuntchito, anandilongedzetsa zovala m'matumba akuda a zinyalala.

"Tikupita ku holide," anatero. Sanandiyang'ane.

Ziwetozo zinali ndi mayina achingerezi, koma amayi anati lilime lawo likupindika nawo. Tsiku lomwelo, titangotuluka mu South Bend, anazitcha ena. Galu wamkulu, nkhalamba ya imvi kukamwa imene inkangogona pansi pa tebulo, anati ndi Ndatopa. Wamng'ono wakhaki, amene ukangotsegula chitseko ankatuluka liwiro osacheuka, anati ndi Sindibwerera. Mphaka anati ndi Chete. Ndinaseka mpaka m'mimba kupweteka, chifukwa dzina lililonse linamukhala mwini wake ngati anachita kumuyeza kwa telala. Tinawaphunzitsa ndi tizidutswa ta soseji, ndipo sabata isanathe onse ankatembenuka.

Koma oitana ndinali ine. M'mawa uliwonse, kulikonse kumene tapaka, amayi ankaima pachitseko ndi kapu ya tiyi n'kunena kuti, "Aitane, mwanawe. Mokweza, azolowere." Ine n'kumakuwa mayinawo pakati pa makampa a azungu opuma pantchito, amayi atatsinzina, tiyi akuzizira m'manja.

Masiku oyamba anali okoma, ndisaname. Amayi ankatenga mashifiti osamalira okalamba ku South Bend ndi ku Indianapolis, choncho tinkakhalira kukwera ndi kutsika msewu wa 31, minda ya chimanga mbali zonse mpaka pamene maso alekezera. Chete ankagona pagalasi lakutsogolo. Sindibwerera ankatulutsa mutu pawindo, makutu akuuluka. Mbale zinkalira m'makabati pa bampu iliyonse, amayi atagwira chiwongolero ndi manja awiri ngati chiwathawa.

Kenako kutentha kunafika, ndipo holide inayamba kununkha. Simunadziwe moyo ngati simunatsekeredwe m'chitini ndi agalu awiri mwezi wa Julaye. Ubweya m'tiyi, ubweya m'mpunga, ubweya pa mswachi. Mchenga wa mphaka unali pafupi ndi mutu wanga. Thanki ya chimbudzi ikadzaza tinkakaikhuthula ndi chipayipi chokhuthala, ine nditagwira mphuno, amayi akuimba nyimbo ya kwaya ngati palibe chikuchitika. Sitinkakhala malo amodzi kupitirira masiku anayi. Lero kumalo a makampa, mawa kuseri kwa sitolo yaikulu, mkuja pabwalo la tchalitchi cha anthu osatidziwa.

Amayi akapita ku shifiti, ine ndinkatsala ndi malamulo atatu: makatani otseka, chitseko osatsegulira munthu, ndipo wina akafunsa ndiziti tili pa holide. Tsiku lina tili ku Lawrence jenereta inazima dzuwa lili paliwombo, mphepo yozizira n'kuleka. Ndatopa anayamba kupuma wefuwefu, lilime litatuluka lonse, maso atatembenuka. Ndinanyika matawulo onse m'madzi akumwa n'kumufunditsa, ndikulira, ndikumupempha kuti asafe ndili ndekha. Sanafe. Koma tsiku limenelo ndinadana ndi kampa ija ndi mtima wanga wonse.

Ndinkafuna chipinda changa. Ndinkafuna bafa loti n'kutambasula miyendo. Ndinkafuna bambo anga, amene Loweruka ankandigulira ayisikirimu n'kumanditchula kuti "amama." Lero ndikadzifunsa ngati sindinkadziwa kanthu, yankho limandivuta. Ndinkadziwa kuti kunyumba kuja wailesi ikakwezedwa mwadzidzidzi, chitseko cha kuchipinda chitatsekedwa, ndiye kuti ndizikhala phee. Ndinkaona kuti amayi amavala malaya a manja aatali ngakhale thukuta likuchita kuyenderera. Mwana amadziwa, koma amadziwa ngati mmene munthu amadziwira dzino lobooka: lilime limangolizemba.

Amayi anandisiyira foni yakale yoti ndiziimbira pakagwa ngozi. Munali manambala awiri, yawo ndi ya malume, mchimwene wawo wamkulu amene ankakhala ku Beech Grove. Tsiku lotsatira la jenereta lija ndinaimba yachiwiriyo. Ine m'kamwa simunkakhala mawu. Ndinawauza zonse, dzina la malo, mtundu wa kampa, ngakhale mtengo umene tinapaka pansi pake.

Malume anafika madzulo a tsiku lomwelo, amayi atangoweruka. Anaima pachitseko, anaona Sindibwerera atadzipinda pa pilo wa mlongo wawo, n'kupukusa mutu.

"Achemwali, mwafika pogona ndi agalu? Ife tikukufunani miyezi iwiri!"

Malume ndiwo anali nkhoswe ya amayi, munthu amene anaimira banja lawo pa ukwati, ndipo mlandu wa m'nyumbamo unali wawo kuukamba. Anati Lamulungu, tikatuluka m'tchalitchi, tonse tikakumane kwawo. Atapita ndinadikira mbama. Sinabwere. Amayi anangoti, "Wachita bwino, ndi malume ako," n'kuyamba kutsuka mbale zoyera kale. Bola akanangondimenya.

Lamulungulo tinapaka kampa pamsewu kutsogolo kwa nyumba ya malume. Anthu anakhala pabwalo la m'mbali mwa nyumba, pamthunzi, pamipando ya pulasitiki. Panali malume, bambo atavala shati yoyera, ndi mkulu wina wa mpingo amene anaimira bambo popeza abale awo onse anali ku Malawi. Amayi anakana mpando. Anayala chitenje pa kapinga n'kukhala pansi, miyendo atatambasula, mutu atawerama. Bambo anandibweretsera chikwama chatsopano cha kusukulu, chapinki, n'kuchikoleka pampando wawo pamene ndikanatha kuchiona. Ine ananditumiza mu kampa kuti ndikakhale ndi ziweto, poti nkhani za akulu si za ana. Koma windo linali lotsegula.

Ndimakumbukira mawu awo m'zidutswazidutswa. "Banja ndi kupirira." "Tisachititsane manyazi kuno kuchilendo." "Sukulu ikutsegulidwa, mwana akufunika adiresi." Bambo anati dzanja linangothamanga, sizidzachitikanso. Mkulu wa mpingo anawerenga vesi. Amayi ankangozula kapinga kamodzikamodzi. Ine mu kampa ndinagwada pampando wanga, chingwe chofiira chili m'manja, ndikupemphera kuti avomere. Ndikunena poyera, ngakhale zimandiwawa: ndinapemphera kuti amayi anga abwerere.

Pamapeto malume anati, "Achemwali, akulu alankhula. Lero mubwerera kunyumba kwanu, si choncho?"

Kenako ndinamva mawu a amayi, otsika kwambiri: "Ngati akulu mwatero…"

Sindinadikire kuti amalize. Ndinalumpha ndi chimwemwe, ndikufuna kukatenga chikwama changa, n'kukankha chitseko. Sindibwerera anandipyola pakati pa miyendo, chingwe n'kundipulumuka. Nkhalamba Ndatopa nayo, imene sinkathamanga ngakhale ukuionetsa nyama, inatsika masitepe n'kumutsatira motsimphina. Msewu unali pomwepo, magalimoto akudutsa. Ndinathamanga ndikukuwa ndi mawu anga onse, monga ndinkachitira m'mawa uliwonse.

"Sindibwerera! Sindibwerera! Iwe, Sindibwerera! Ndatopa! Ndatopa!"

Galu wamng'onoyo anakhota n'kulowa pabwalo, anazungulira mipando kawiri, anagwetsa botolo la chakumwa pa nsapato za mkulu wa mpingo. Ndinaponda chingwe chake pakati penipeni pa anthuwo, ndikupuma movutikira, dzina lija lidakali pakamwa. Nditadzutsa mutu, onse anali akundiyang'ana ine, osati galu. Bambo anali ataimirira, nkhope itagwa.

"Amama, mukuti chiyani?"

"Ndikuitana agalu, adadi."

Malume anandikodola. Anandifunsa pang'onopang'ono, ngati munthu woopa yankho. Uyu dzina lake ndani? Ndinawauza. Nanga wokalambayu? Ndinawauza. Palinso wina? Ndinati mphaka, Chete. Anawatcha ndani?

"Amayi."

"Liti?"

"Tsiku limene tinanyamuka."

Malume anavula magalasi. Anayang'ana mlongo wawo nthawi yaitali, anayang'ana manja aatali a malaya aja padzuwa lotere. Atalankhula, sanalankhule ndi bambo kapena mkulu wa mpingo.

"Achemwali, mukumukumbukira galu wa amayi athu?"

Amayi anagwedeza mutu osadzutsa maso.

"Ndikhaliraana," malume anatero. "Tinkamuitana tsiku ndi tsiku, ife ana, bambo athu ali pakhonde akumva. Tinamuitana mpaka tinawaika amayi m'manda, ali ndi zaka zanuzi."

Mkulu wa mpingo anayesa kuseka. Anati sitingathetse banja chifukwa cha mayina a agalu, mayiyu anali atayamba kale kuvomera. Malume anaimirira n'kupinda mpando wawo.

"Galu wamkota sakandira pachabe, abambo. Mlongo wanga anayankha miyezi iwiri yapitayo. Ogontha tinali ife."

Bambo anachoka osatsanzika. Chikwama chapinki chinatsala chikulendewera pampando.

Zimene anthu akulu aja anamva, ndinazimvetsa patapita zaka. Kwathu mkazi amene sangathe kuyankha mwamuna kapena apongozi pamaso amatcha galu dzina, ndiye mawu amene akanamuphetsa akawanena yekha amanenedwa pabwalo tsiku lililonse, aliyense akumva, popanda womugwira pakamwa. Amayi anabwera nawo mwambowo mpaka ku Indiana. Anangosowa mudzi woti umve, ndiye ankamva okha, atatsinzina, ndi kapu ya tiyi m'manja. Nthawi zina ndimawakwiyira kuti anabwereka pakamwa panga osandiuza. Nthawi zambiri ndimaganiza za mawu aja, "ngati akulu mwatero," ndi mmene akanathera ndikanagwira chitseko bwino, ndipo ndimazizidwa.

Koma tsiku limenelo ndinkangodziwa chinthu chimodzi, chakuti tinatsala pang'ono kupita kunyumba ndipo galu wawononga zonse. Ndinamukokera mu kampa n'kumukwapula ndi chingwe chofiira chija mpaka analira n'kubisala kuseri kwa Ndatopa. Amayi analowa, anandilanda chingwecho mwakachetechete, n'kuchikoleka pamsomali.

Malume anatiuza kuti tilowetse kampa mumpanda mwawo, adiresi ya sukulu ikhala yawo. M'mawa mwake amayi anatsegula chitseko, tiyi ali m'manja, agalu n'kutsika.

"Aitane, mwanawe."

Ndinakana. Ndinatembenukira kukhoma n'kudzifunditsa kumutu. Ndinamva akuika kapu pansi. Kenako, kwa nthawi yoyamba chichokereni ku South Bend, anaitana okha. Mawu anayamba mosasa, ngati a munthu amene wadzuka kumene, kenako anakwera mpaka mzungu wa nyumba yoyandikana anasuzumira pawindo.

"Sindibwerera! Sindibwerera!"

Ndinasuzumira pansi pa bulangete. Anali atapinda manja a malaya mpaka m'zigongono, misozi ikutsika osaipukuta. Ine ndinkangodabwa kuti akukuwiranji chonchi, galu ali pamapazi pawo pomwepo akugwedeza mchira.